Mwana wanu akuti AI ithetsa umphawi: yankho kwa mayi wa ku Ntcheu

Mayi wina amene amaphunzitsa ku sekondale ku Ntcheu wandilembera pa imelo. Akuti mwana wawo wabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite ndipo pakamwa pake sipakuchoka nkhani ya makampani aakulu a ku America: kuti makina oganiza aja akuti AI athetsa matenda ndi umphawi, ndipo mwana wa kumudzi aziphunzira ngati wa ku London. "Ine mtima ukukana," akutero mayiwo, "koma mwina ndi ukalamba chabe. Kodi ndikulakwa kukayikira?"

Mayi, simukulakwa. Mawu okoma ngati amenewa tinawamvapo kale, ndipo kumene anathera tikukudziwa.

Mu 2013 Mark Zuckerberg wa Facebook anayambitsa Internet.org, akuti anthu osauka padziko lonse apeze intaneti. Pulogalamu yake ya pafoni anayamba kuiyesa kwa anansi athu ku Zambia mu July 2014 mogwirizana ndi Airtel, ndipo mu 2015 inafika kuno kwathu. Anthu anasangalala, chifukwa ndani angakane chaulere? Koma chimene munthu ankapeza sichinali intaneti yonse. Anali masamba ochepa amene analoledwa kulowamo, Facebook ili pakati pawo, ndipo ukangofuna kutuluka mumpandamo, ulipire bandulo. Dzina analisintha kukhala Free Basics. Ku India anakana: mu February 2016 bungwe lawo loyang'anira zamafoni, TRAI, linaletsa malonda otere, poona kuti kampani imodzi siingamasankhire anthu osauka zoti aziwerenga. Chikomekome cha mkuyu chinali chimenecho.

Nkhani ya Google inali yaifupi. Mabaluni awo a Loon anayamba kupereka intaneti kumidzi ya ku Kenya mu July 2020, ndipo pofika January 2021 eni ake analengeza kuti akutseka, poti ndalama zoyendetsera ntchitoyo zinakana kutsika. Miyezi isanu ndi umodzi basi. Twitter nayo inatsegula ofesi ku Accra m'dziko la Ghana mu November 2022, patangopita masiku ochepa antchito pafupifupi onse anachotsedwa, kampaniyo itagulidwa ndi Elon Musk.

Koma imene imandiwawa kwambiri ndi ya ku Myanmar. Kumeneko anthu ambiri atagula foni koyamba, intaneti kwa iwo inali Facebook basi. Mauthenga a chidani onyoza mtundu wa Rohingya ankafalikira ngati moto wolusa m'tchire, koma kampaniyo inali ndi antchito ochepa kwambiri odziwa chiyankhulo cha kumeneko oti n'kuwerenga ndi kufufuta zoterozo. Mu 2017 asilikali atayamba kupha ndi kuwotcha midzi, anthu opitirira 700,000 anathawira ku Bangladesh. Amene anapha ndi asilikali, si kampani ayi. Komabe mu 2018 ofufuza a United Nations anaitchula kuti inathandiza kufalitsa chidanicho, ndipo iyo yomwe inavomera kuti siinachite zokwanira. Kulumikiza anthu anathamangira, koma kulemba ntchito anthu omva chiyankhulo chawo anazengereza. Ife amene timatukwanirana m'Chichewa ndi m'Chitumbuka nyengo ya chisankho tiyenera kuiganizira bwino nkhaniyi.

Nanga AI imene mwana wanu akuitama? Mu January 2023 magazini ya Time inaulula kuti anthu a ku Kenya amene ankawerenga zolemba zonyansa za nkhanza ndi kugwiririra, n'cholinga choti pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT izidziwa zopewa, ankalandira ndalama zosakwana madola 2 pa ola. Pamsonkhano polengeza zodabwitsa, anthu amenewa satchulidwa.

Mwanayo sakunama pa zonse, ndipo musamutseke pakamwa. Pulogalamu ya AI yotchedwa AlphaFold ya kampani ya Google DeepMind yathandizadi asayansi kudziwa kapangidwe ka mapuloteni, mpaka Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2024. Ineyo ndimacheza ndi achimwene anga a ku Johannesburg pa WhatsApp sabata iliyonse, pamene kale tinkadikira kalata mwezi wathunthu. Sindikunena kuti anthu a m'makampanimo ndi oipa mtima. Ndikunena kuti lonjezo lawo lilibe amene analisainira. Meta, mwini wa Facebook, amapeza pafupifupi ndalama zake zonse potsatsa malonda, ndipo amene amayankha kwa iwo ndi eni masheya, osati mphunzitsi wa ku Ntcheu. Chinthu chikamawabweretsera phindu chimakhalitsa. Chikasiya, amachitseka tsiku limodzi, inu osafunsidwa. Boma lathu likalephera timatha kulichotsa ndi voti, monga tinachitira mu 2020. Kampani ya ku California tingaichotse ndi chiyani?

Choncho mwanayo muloleni azigwiritsa ntchito AI, mwinanso akuphunzitseni inuyo kukonzera phunziro. Koma tsiku limene anthu adzafike pasukulu panu ndi matabuleti ndi malonjezo, afunseni pamaso pa komiti ya makolo kuti alembe papepala: akhala nanu zaka zingati, bandulo ndi magetsi azilipira ndani chaka chachitatu, ndipo mayina ndi malikisi a ana akupita nawo kuti. Mabuku a m'laibulale musawasunthe mpaka pepalalo litasainidwa.