Ankhondo Ogobedwa pa Timiyala ta ku Etruria

FUNSO: Ndinaona chithunzi cha kamwala kofiira ka anthu akale a ku Etruria, ku Italy, kogobedwa amuna onyamula mikondo ndi zishango. Kodi amenewa ndi asilikali awo enieni? Nanga pa kanthu kochepa chonchi ankagoba bwanji? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Kawirikawiri si asilikali awo ayi. Ndi ngwazi za m'nthano za Agiriki, koma maina ake analembedwa m'chinenero cha ku Etruria: Herakles ndi Hercle, Achilles ndi Achle, Kapaneus, amene anakanthidwa ndi mphezi akukwera linga la mzinda wa Thebes ku Greece, ndi Capne. Choncho mukaona kamwala kotere, yambani mwafufuza zilembo m'mbali mwa chithunzicho.

Kamwala kodziwika kwambiri ndi kotchedwa ndi dzina la Stosch, munthu amene ankasonkhanitsa timiyala totere, komwe kali ku Berlin, kopangidwa cha m'ma 500 mpaka 480 Khristu asanabadwe. Pali ngwazi zisanu mwa zisanu ndi ziwiri zomwe zinapita kukathira nkhondo mzinda wa Thebes, ena atakhala pansi, ena ataimirira. Palibe amene akubaya mnzake. Amphiaraos, mlauli amene ankadziwa kuti kunkhondoko sakabwerako, wangoti zyoli. Apa mpamene luso la amisiriwa limagometsa: ankasankha nthawi ya nkhawa, ya bala kapena ya imfa, osati ya kupambana yokha.

Timiyalati, tambiri ta mwala wofiira wotchedwa carnelian, ankatisema ngati chikumbu chogubuduza ndowe, kutengera ku Egypt. Kutalika kwake ndi sentimita imodzi kapena ziwiri basi. Chithunzi chimakhala kunsi kosalala. Ankabowola kamwalako m'litali n'kupisamo waya wa mphete, kuti kazitha kutembenuzika.

Carnelian ndi mwala wolimba moti chitsulo pachokha sichiugoba. Mmisiri ankapaka kunsonga kwa chobowolera fumbi la mwala wa emery losakaniza ndi mafuta, n'kumachizungulitsa ndi chingwe cha kauta. Chomwe chimadya mwala ndi fumbilo. Akakanikiza kwambiri, m'mphepete mumabenthuka, ndipo akapitiriza muyeso sangabwezerenso.

M'zaka za m'ma 300 ndi 200 Khristu asanabadwe, kunafala kagobedwe kachangu kotchedwa a globolo. Mutu, mapewa ndi mawondo zinkangokhala timaenje tobulungira, maina n'kumasowa. Pamenepo ngwazi mumaizindikira ndi chomwe yanyamula. Mukaona chibonga, ameneyo ndi Hercle.