Achemwali a ku Washington, pitaniko ndithu, koma muone kaye zanga

Achemwali, ndawerenga kawiri zimene mwalemba m'gulu lathu lino ndipo tulo tandithawa. Za mesho wanuyo, amene akumakujambulani mukalakwitsa ASL, chinenero chamanja cha ku America, n'kumatumizira anzake kuti aziseka, ndibwerako. Chimene chandigwira ine ndi mantha anuwo, oti mukakatula nkhaniyi kwa ombuds, mkhalapakati womvera madandaulo pa Gallaudet, yunivesite ya osamva ya ku Washington, pofika madzulo sukulu yonse ikhala itadziwa. Mantha amenewo si auchitsiru ayi. Ife osamva tili ngati kamudzi ka mabanja khumi, aliyense ndi mlamu wa mnzake, ndipo chinsinsi chathu munthu sachita kutchera khutu pakhoma, amangosuzumira pazenera ali patali n'kuwerenga manja.

Ine zinandionekera kuno kumudzi, ndisanapite kunjako. Koleji yake sinditchula, ndipo amene mukundidziwa m'gulu muno chonde musatchulenso. Ndinasiya kumva ndili sitandade 4, malungo aakulu aja, ndiye Chichewa chinali chitakhazikika kale m'mutu ndipo milomo ndimawerenga ndithu munthu akamalankhula Chichewa nkhope ili poonekera. Musaiwale zimenezo. Pa koleji yonse osamva tinalipo awiri, womasulira mmodzi. Mayi ameneyo Lolemba sankabwera, masiku ena ankafika phunziro lili pakati, akakhala pansi foni ili m'manja. Mphunzitsi alankhula ola lathunthu, anzanga akulemba mpaka zala kuwawa, ine ndikamufunsa mayiyo kuti akuti chiyani, amangoti “akuti mukawerenge chaputala 6.” Tsiku lina mphunzitsi anasuntha mayeso kuwabweza Lachiwiri, analengeza pakamwa m'kalasi, mayiyo sanandiuze. Ine ndinafika Lachinayi ndi zolembera zanga ziwiri, nditawerenga usiku wonse, kupeza chipinda chili mbee, anzanga analemba dzana. Sapu yoyamba pa moyo wanga ndinaitola choncho.

Ndinalemba kalata kwa mkulu woona za ophunzira. Pamwamba ndinalemba CHINSINSI ndi zilembo zikuluzikulu, ndinapempha kuti tikumane awiriwiri, pepala ndi cholembera basi. Patatha sabata anandiitana. Nditsegule chitseko, mayi uja ali phee pampando, chikwama pamiyendo, kalata yanga ili patebulo yotsegula, pakona pake pali chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi. Bwanayo anandilembera mzere umodzi wokha pa kapepala: alibe nthawi yolemberana, koleji imalipira womasulira pa ntchito imeneyi. Ndiye taganizani achemwali, ndidandaule za munthu kudzera pakamwa pa munthu yemweyo.

Manja ankanjenjemera koma ndinayamba. Ndinatulutsa kope langa momwe ndinkalemba masiku onse amene anajomba, analipo 11. Ndinati mayiwa ajomba ka 11 temu ino, masiku ake ndi awa. Maso anga ali pamilomo pake. Milomoyo inati, “Akuti maphunziro akumuvuta bwana, sakugona bwino.” Ndinabwereza, manja ndikukweza, kuloza kopelo. Iye anamwetulira, kutembenukira kwa bwana uja n'kunena kuti, “Anthu amenewa sachedwa kupsa mtima.” Amenewo ndinawawerenga onse, liwu lililonse, mpaka lero ndikatseka maso ndimaiona milomo imeneyo ndi lipisitiki wake wofiira. Ine mawu anga ndinali nditasiya kuwatulutsa pagulu kalekale chifukwa ana ankandiseka, koma tsiku limenelo anatuluka okha. Ndinakuwa kuti “Akunama!” Kukula kwake sindikudziwa, ndinangoona mlembi watsegula chitseko maso ali tong'o, bwana uja wakankhira mpando kumbuyo ngati ndimumenya. Basi, ndinali nditawapatsa umboni ndekha kuti anthu amenewa sachedwa kupsa mtima. Anandiuza kuti ndipepese kapena nkhani ipite ku komiti yosungitsa mwambo. Ndinapepesa. Kupepesa kokhako ndiye anamasulira bwinobwino osasiyako kanthu.

M'mawa mwake 7:30 anali atakhala patsogolo panga m'kalasi. Wakumva akakwiya ndi munthu amatha kuyang'ana kumbali n'kumamvabe phunziro. Ine ndinayenera kumuyang'ana kumaso maola awiri, tsiku ndi tsiku, mpaka chaka kutha. Khoswe anali atakhala pamkhate. Lamlungu lake ndikupita kutchalitchi komwe osamva timakumana, ndinapeza nkhani yafika kale, ndipo inafika itavala zovala zina: akuti ndinafuna kumenya mzimayi mu ofesi. Mnzanga wosamva uja anasiya kundilankhula, chifukwa mayiyo anayamba kutilanga tonse awiri, kumasulira mwaulesi kuposa kale. Sindimuda mnzangayo, nayenso ankafuna pepala lake.

Mayi ameneyo mpaka lero anthu amamutchula kuti ndi wachifundo, wothandiza olumala, ndipo m'misonkhano ya m'mahotela sasowa, alawansi akulandira m'dzina lathu. Koma amene amandiwawa kwambiri ndi bwana uja. Munthu wophunzira, wa madigiri ake, analephera kupatula mphindi 20 kuti alemberane ndi mwana wasukulu. Kalata yolembedwa CHINSINSI n'kuikapo kapu ya tiyi! Omasulira abwino alipo, ena ndi abale anga enieni, amagwira ntchito yolemetsa pa malipiro ochititsa manyazi, ndipo a MANAD, bungwe la osamva m'Malawi, akhala akulira za kuchepa kwa omasulira kwa zaka zambiri. Kuchepako ndi kumene kumapatsa mphamvu woipa mmodzi, chifukwa ukamuchotsa utsala ndi ndani?

Tsono inu muli pamalo pena. Nanenso nditafika pa Gallaudet, pa Florida Avenue paja, chimene chinandidabwitsa si nyumba zake, koma kuti ukafuna kudandaula umadandaula ndi manja ako, munthu wa mu ofesiyo n'kukuyankha ndi manja ake, popanda wachitatu pakati. Kwa ine chinsinsi chimayambira pamenepo. Ku ofesi ya ombuds ndinapitako kamodzi kokha, pa nkhani yaing'ono yosamvetsa malamulo a sukulu, ndipo kunena zoona ndinapita ngati kukayesa madzi ndi chala. Ndinadikira mwezi wathunthu kuti ndione ngati nkhani yanga itulukire kwina. Sinatuluke.

Musasokoneze ndi Ombudsman wa kwathu kuno, uja wa nthawi ya a Martha Chizuma ndi nkhani ya mathirakitala. Wa kwathuyu amafufuza, amaitana anthu, amatulutsa chigamulo. Dzinalo ndi limodzi, linachokera ku Sweden komwe ofesi yotere inayamba mu 1809, koma wa pa yunivesite sagamula mlandu, sathamangitsa munthu, ndipo si loya wanu. Saima mbali yanu, saimanso mbali ya mesho wanu kapena ya akuluakulu a sukulu. Ntchito yake ndi kukhala nanu pansi, kuona nkhani yonse, kukuuzani zimene malamulo a sukulu akunena ndi makomo amene mungagogode, ngakhale kukuthandizani kukonza mawu oti mukamuuze meshoyo nokha. Mukafuna, ndipo winayo akavomera, angathe kukukhazikani pansi nonse awiri ngati ankhoswe, koma sangapite kukalankhula ndi munthu za inu musanamulole. Sasunga fayilo ya dzina lanu yoti mawa wina akaitsegule. Akaona kuti anthu ambiri akubwera ndi vuto lofanana amakauza akuluakulu kuti pali vuto lakuti, osatchula maina.

Pali malire ake, ndipo muwadziwe musanalowe. Mukanena zosonyeza kuti moyo wa munthu uli pangozi posachedwa, wanu kapena wa wina, chinsinsi chimathera pomwepo. China chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kuuza ombuds si kuuza yunivesite. Mukatuluka mmenemo, pa mabuku a sukulu simunadandaule chilichonse. Ndiye ngati mukufuna kuti mesho wanuyo alangidwe kapena akusinthireni chipinda, pamafunikabe kupita kwa oyang'anira malo ogona kapena ku ofesi yoona za khalidwe la ophunzira, ndipo madandaulo ena amakhala ndi masiku ake, sadikira kuti mumalize kaye kucheza ndi ombuds. Ngati mavidiyowo ali ndi zina zokhudza thupi lanu, monga kukujambulani mukuvala, imeneyo ndi nkhani ina yolemera, ya ofesi ya Title IX, lamulo la ku America la 1972 loletsa kusala munthu m'sukulu chifukwa choti ndi wamkazi kapena wamwamuna, ndipo musaichedwetse.

Sukulu yanuyo mikangano imaidziwa bwino, musaganize kuti mukawadabwitsa. Chikhazikitsireni mu 1864, pomwe Abraham Lincoln anasainira chikalata chake, inatha zaka 124 ikutsogoleredwa ndi anthu akumva okhaokha. Mu Malichi 1988 bodi itasankhanso wakumva, Elisabeth Zinser, ophunzira anatseka mageti pafupifupi sabata yathunthu mpaka mayiyo anatula pansi udindo ndipo I. King Jordan anakhala mtsogoleri woyamba wosamva. Mu 2006 kunabukanso zionetsero pa kusankhidwa kwa Jane Fernandes, anthu oposa 130 anamangidwa usiku umodzi, ndipo mkati mwa mkanganowo munali nkhani za tsankho komanso za amene akuonedwa ngati wosamva weniweni. Ofesi ya ombuds inatsegulidwa mu 2008, mabala amenewo asanapole. Ndiye nkhani yoti mwana wobadwira m'banja la osamva ku America, amene ASL anayamwira kubere, akuseka manja a munthu wochokera ku Africa, si yachilendo kwa iwo. Inuyo muli ndi chinenero chamanja cha kwathu, Chichewa, Chingerezi, tsopano mukuwonjezera ASL. Iyeyo ali ndi zingati?

Langizo langa ndi ili. Pitaniko mawa lomwe, musachite ngati ine amene ndinasunga zinthu m'mimba temu yonse mpaka kuphulikira mu ofesi ya bwana. Koma musakhulupirire munthu. Inde ndikudziwa kuti ndangonena kumene kuti nkhani yanga sinatuluke, komabe musanayambe kufotokoza mufunseni maso ndi maso kuti chinsinsi chake chimathera pati, ndipo ngati amadziwana ndi banja la meshoyo anene, chifukwa kumeneko anthu anaphunzira limodzi kuyambira ali ana. Tsiku loyamba mukhoza osatchula dzina la munthu, mungoti mnzanga wina. Pa imelo musalembe nkhani yonse, mungopempha nthawi yokumana, imelo imasiya mapazi. Ndipo muyang'ane kumene mwaima mukamakamba ndi anzanu za nkhaniyi. Nyumba zina za pamenepo anazimanga mwadala ndi magalasi ndi makonde otakata kuti osamva azionana patali, zabwino kwambiri pocheza, koma munthu ali pansanjika yachiwiri amatha kuwerenga manja anu onse muli pansi.

Sungani umboni. Screenshot iliyonse, tsiku ndi nthawi, mulembe m'kope. Ngakhale kunena zoona kope langa la masiku 11 lija silinandithandize kanthu, palibe analitsegula n'komwe, lili m'sutikesi mpaka lero. Sunganibe. Ndipo musakwiye pamaso pawo, ngakhale mtima ukuwira bwanji, chifukwa akangoona manja akukwera adzaiwala zimene munachitiridwa n'kuyamba kukamba za mkwiyo wanu. Koma musakhalenso ofatsa kwambiri ngati nkhosa, ine kufatsa ndi kumene kunandipweteka. Mudziwa nokha pakati pake.

Chimodzi chokha ndikupempheni mogwada: musasiye makalasi chifukwa cha mtsikana ameneyo. Mwalemba kuti masiku ena simukutuluka n'komwe, mukuganiza zochepetsa maphunziro. Pa visa ya ophunzira ya F-1 munthu wa digiri yoyamba amayenera kukhala ndi ma credit osachepera 12 pa semesita, mukatsika popanda chilolezo cha ofesi ya ophunzira ochokera kunja mwaika mapepala anu pamoto. Iye kwawo ndi komweko, akalephera akwera basi kupita kwa amayi ake. Inu mukwera ndege kudzatsikira pa Chileka opanda kanthu m'manja, abale amene anasonkha ndalama ya tikiti akukudikirani.

Mukafuna tikambe pa vidiyo ndipezeni ku inbox, nkhope ndi manja zimanena zambiri kuposa zolembazi. Ndipo inu amene mwamuyankha mwanayu kuti angopemphera n'kukhululuka, ndakuonani. Kupemphera n'kwabwino, nanenso ndimapemphera, koma womasulira wanga uja ndi amene ankatsogolera mapemphero a m'mawa pa koleji paja.