RAM ya 4GB ikwanira poyambira

Achimwene a ku Kasungu, mwafunsa ngati laputopu ya RAM 4GB (RAM ndi memory yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ingakwanire kosi ya programming ku yunivesite. Ikwanira, bola musaikemo Android Studio, pulogalamu yopangira ma app a foni za Android, imene imafuna RAM ya 8GB.

Yambani ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ya pa python.org. Poika, chongani kabokosi ka "Add python.exe to PATH", kali pansi penipeni pa tsamba loyamba. Ambiri amakadumpha, kenako akalemba python --version mu Command Prompt (pomwe mumalembera malamulo a kompyuta mu Windows) kompyuta imakana, chifukwa Windows sidziwa foda yomwe Python yakhala. Zikatero, ichotseni muikenso mutachonga.

Kenako ikani Git, yosunga mbiri ya zomwe mwasintha mu code yanu, ndi VS Code, yolembera code. Chonde musasokoneze VS Code ndi Visual Studio, iyo ndi yaikulu, ingakudyereni bandulo yonse. Mu VS Code yatsani Auto Save pansi pa File, kuti magetsi akathima batire yotopa isakutayitseni ntchito.