Tifunseni: Ma nanoparticle ndi khansa ya mu ubongo

FUNSO: Akonzi, amalume adawapeza ndi khansa ya mu ubongo, ndiye pa WhatsApp ndawona zoti kunja apanga ma nanoparticle ochiza matendawa, zoona zimenezi? Tingawapeze kuti? Wowerenga, Namwera, Mangochi.

YANKHO: Pepani ndi matenda a amalumewo. Si bodza ayi koma a pa WhatsApp amakokomeza. Khansa yolusa kwambiri ya mu ubongo ndi glioblastoma, imavuta chifukwa mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ngati mpanda, mankhwala ambiri sadutsa. Ndiye ma nanoparticle ndi tinthu tating'onoting'ono zedi tosaoneka ndi maso, amatilongedza mankhwala nkutimata zinthu zoti tidutse mpandawo tikakakamire pa chotupacho osaononga kwambiri mbali zabwinobwino. Tina ndi ta chitsulo, amatibaya m'chotupa momwemo nkutitenthetsa ndi maginito, ku Ulaya adaloleza njira imeneyi mu 2010.

Koma zambirizi akuyesabe, zina pa mbewa. Thandizo lenileni pakadali pano ndi opaleshoni, radiotherapy (kuotcha chotupa ndi cheza champhamvu cha makina) ndi mankhwala a temozolomide, ndipo izinso nthawi zambiri zimangotalikitsa moyo. Amalumewo apitirize ndi madokotala awo, opaleshoni ya ubongo imachitika ku Queens ku Blantyre. Wina akakuuzani kuti akugulitsa ma nanoparticle pa boma kapena pa intaneti ndi mbava ameneyo, musatumize ndalama.