Kuziletsa kapena kuzilola? Yankho langa pa zipani za ndale za Chisilamu

Achimwene, funso lanu ndaliona m'mawa, loti boma lizitani ndi zipani zofuna kuti dziko liziyenda motsatira malamulo a Chisilamu: lizizilola kupikisana nawo pa chisankho, kapena lizizithetsa zisanakule. Ambiri amene ayankha kale akuti kuletsa basi, nkhani yatha. Ine ndikusiyana nawo, ndipo mundipirire chifukwa ndilemba zambiri.

Tisiyanitse kaye zinthu, poti ena azisakaniza. Msilamu wochita ndale si amene tikunena pano. A Bakili Muluzi ndi Msilamu, analamulira dziko lino kuyambira 1994 mpaka 2004, koma UDF sichinali chipani cha chipembedzo. Sitikunenanso zigawenga za mfuti ngati zimene zasautsa anthu ku Cabo Delgado kuyambira 2017, chifukwa izo sizipempha voti kwa munthu. Nkhani ili pa magulu ngati FIS ya ku Algeria, Muslim Brotherhood ya ku Egypt, PJD ya ku Morocco ndi Ennahda ya ku Tunisia, amene anali ndi anthu miyandamiyanda pambuyo pawo ndipo ankati tipatseni mpata tiime nawo.

Amene akuti kuletsa n'kosavuta ayambe aona za ku Algeria. Kumeneko chipani cha FLN chinalamulira chokha kuchokera pa ufulu mu 1962. Achinyamata atachita zipolowe mu Okutobala 1988, Pulezidenti Chadli Bendjedid analola zipani zambiri. FIS, motsogozedwa ndi Abassi Madani ndi Ali Belhadj, inapambana chisankho cha makhansala mu Juni 1990. Kenako pa 26 Disembala 1991, m'gawo loyamba la chisankho cha aphungu, inatenga mipando 188 mwa 430, FLN osafika ndi 20 yomwe. Aliyense anaona kumene gawo lachiwiri linkalowera. Akuluakulu a asilikali sanadikire. Mu Januwale 1992 anakakamiza Chadli kutula pansi udindo, chisankho n'kuchithetsa, mu Malichi FIS n'kuiletsa, anthu ake zikwizikwi n'kukawatsekera m'misasa ya m'chipululu cha Sahara.

Munthu amene ndimamuganizira pa nkhaniyi ndi Abdelkader Hachani. Madani ndi Belhadj ali m'ndende, iyeyu ndiye anatsogolera FIS, nalimbana ndi anzake a mitu youma mpaka anavomera kuti chipani chilowe nawo chisankho. Anapambana, ndipo patangotha mwezi anamumanga. Ndiye taganizani mnyamata wa ku Algiers amene anamvera Hachani, anaima pamzere tsiku lonse n'kuponya voti. Wina akabwera kudzamuuza kuti "tinakuuza, anthu awa samva za voti, amamva za mfuti," ayankha chiyani? Ambiri anathawira kumapiri, kunabadwa gulu la zigawenga la GIA, ndipo dziko linalowa m'nkhondo ya pachiweniweni ya zaka pafupifupi khumi. Ku Bentalha, pafupi ndi Algiers penipeni, anthu mazana anaphedwa usiku umodzi mu Seputembala 1997. Owerengera amati nkhondo yonseyo inapha anthu pakati pa 100,000 ndi 200,000. Hachani naye anamuwombera mu 1999.

Chondiwawa n'chakuti mu Januwale 1995 zipani zotsutsa, FIS ili momwemo, zinakumana ku Rome mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio n'kusaina mfundo za mtendere, boma n'kuzikana. Boma lomwelo linadzagwirizana ndi AIS, gulu la mfuti la FIS, kuti nkhondo iime mu 1997, ndipo Pulezidenti Bouteflika anadzakhululukira ambiri mwa iwo kuyambira 1999. Anakana kukhala pansi ndi anthu a mavoti, anadzakhala pansi ndi anthu a mfuti, manda atadzaza kale.

Musanditenge ngati ndikuti mantha a asilikali aja anali opanda pake, ayi. Belhadj ankalalikira poyera kuti demokalase ndi yosemphana ndi chikhulupiriro. Amayi ophunzira, atolankhani ndi ena ambiri ankaopa kuti chisankho chimenecho chikhala chomaliza. Anali ataona za ku Sudan, kumene Omar al-Bashir analanda boma mu 1989 mothandizidwa ndi gulu la ndale za Chisilamu la Hassan al-Turabi, ndipo anakhalapo zaka 30. Koma muone bwino, Bashir sanalowere pa voti, analowera pa mfuti. Komanso walira mvula walira matope: ukatsegula khomo la zipani zambiri, sungasankhenso wolowa.

Za ku Egypt n'zosokonekera kwambiri chifukwa mbali zonse zinalakwa. Brotherhood anaiyambitsa Hassan al-Banna mu 1928, mtsogoleri wa dziko Nasser anailetsa mu 1954, mmodzi mwa akuluakulu ake Sayyid Qutb anapachikidwa mu 1966, koma gulu silinafe. Pulezidenti Mubarak anasankha zapakatikati, kuliletsa pa pepala kwinaku akulilekerera. Ndiye mu 2005 anthu a gululo anaima ngati aphungu oima paokha n'kutenga mipando 88. Mphamvu zawo sizinkachokera mu ulaliki wokha. Chivomezi chitagwedeza Cairo mu Okutobala 1992, madokotala ndi anyamata awo ndiwo anafika msanga ndi matenti ndi mabulangete, boma likadayasamula. Munthu amene wakuchiritsira mwana pa mtengo wotsika sumuiwala tsiku la voti, ndipo lamulo loletsa chipani silichotsa chikumbumtima chimenecho.

Mubarak atagwa, Mohamed Morsi wa Brotherhood anapambana upulezidenti mu Juni 2012 ndi mavoti ongopitirira pang'ono theka. M'malo mofatsa, mu Novembala chaka chomwecho analamula kuti makhoti asamakhudze zigamulo zake, malamulo aakulu a dziko n'kuwathamangitsa otsutsa akudandaula. Anadzipangira yekha adani. Pa 3 Julayi 2013 mkulu wa asilikali Abdel Fattah el-Sisi anamuchotsa, ndipo pa 14 Ogasiti apolisi ndi asilikali anaswa msasa wa otsatira Morsi pa bwalo la Rabaa ku Cairo. Bungwe la Human Rights Watch linawerenga anthu osachepera 817 ophedwa pamenepo. Morsi anagwa n'kumwalira m'khoti mu Juni 2019. Funso langa n'lakuti, munthu amene anthu anali atatopa naye m'chaka chimodzi chokha, akanapambananso chisankho chotsatira? Sitidzadziwa, chifukwa sanamulole kuti agonje. Anamusandutsa wofera chikhulupiriro m'maso mwa anthu ake.

Apa ndi pamene Morocco imandipatsa chidwi. Mfumu Mohammed VI inaona mphepo ya zionetsero zimene zinagwedeza mayiko a Aluya mu 2011, inasintha malamulo aakulu a dziko kuti nduna yaikulu izichokera m'chipani chopambana. PJD inatenga mipando 107 mwa 395, Abdelilah Benkirane n'kukhala nduna yaikulu. Mu 2016 inakwera kufika 125. Koma asilikali, nkhani za chipembedzo ndi zazikulu za ubale ndi mayiko ena zinatsala m'manja mwa mfumu. Chipanicho chinasenza zowawa zonse: kuchotsa ndalama zimene boma linkathira pa mtengo wa mafuta, kukweza zaka zopumira pa ntchito, ndipo mu Disembala 2020 nduna yaikulu yawo yomwe, Saadeddine El Othmani, anasaina pangano la ubale ndi Israel, chinthu chimene chipanicho chinakhala chikutsutsa kuyambira kalekale. Mu Seputembala 2021 anthu anawapatsa mipando 13 yokha. Kuchoka pa 125 kufika pa 13, popanda chipolopolo ngakhale chimodzi. Ali kunja ankaoneka oyera ngati thonje, atalowa anthu anayamba kuwafunsa za mtengo wa buledi ndi ntchito za ana awo, monga afunsira wandale wina aliyense.

Sindikuti ku Morocco kuli demokalase yeniyeni. Mfumu inawalola kusewera chifukwa bwalo, mpira ndi oyimbira zonse ndi zake, ndipo gulu lina lalikulu, Al Adl wal Ihsane, limene silivomereza udindo wa mfumu pa chipembedzo, silinaloledwe kukhala chipani. Koma poyerekeza ndi Algeria, oyandikana nawo, ine ndikudziwa kumene ndingakonde kulerera ana.

Ndiye mukandifunsa, ndinena chonchi: gulu lililonse losanyamula mfuti, lovomera kuti chisankho chizibwera nthawi yake ndiponso kuti wachipembedzo china ndi nzika yofanana, lilowe. Likaphwanya lamulo, khoti liweruze munthu wolakwayo pa mlandu wake. Ife tinaona mu Febuluwale 2020 khoti likuthetsa chisankho chifukwa cha zolakwika pa kayendetsedwe kake, n'kulamula kuti tivotenso. Zimenezo n'zosiyana kutalitali ndi kuthetsa chisankho chifukwa wopambanayo sakukusangalatsa.

Ndikuvomera kuti Tunisia imandisowetsa mtendere. Rached Ghannouchi, mtsogoleri wa Ennahda, anabwerera kwawo mu Januwale 2011 atakhala ku London zaka pafupifupi 20. Pa chisankho cha Okutobala 2011 Ennahda inatenga mipando 89 mwa 217 n'kulowa m'boma. Andale awiri otsutsa, Chokri Belaid ndi Mohamed Brahmi, ataphedwa mu 2013 dziko linatsala pang'ono kuyaka, ndipo mabungwe anayi, kuphatikizapo la apantchito la UGTT, anakhalira pakati. Ennahda inavomera kusiya boma mu Januwale 2014, sinaumirire kuti sharia ilembedwe m'malamulo aakulu a dziko, ndipo mu 2016 inalengeza kuti yalekanitsa ulaliki ndi ndale. Zonse zimene anthu amati zipani zoterezi sizingachite, iwo anachita. Chuma chokha sanathe kuchikonza, ndipo mavoti awo ankatsika chisankho chilichonse. Koma pa 25 Julayi 2021 Pulezidenti Kais Saied anaimitsa nyumba ya malamulo, ndipo mu Epulo 2023 Ghannouchi anamangidwa ali ndi zaka 81, mwezi wa Ramadan. Amene ankamunena kuti ndi wofewa, wogulitsa anzake, lero akungoloza chala ku ndende kuja, ndipo anyamata amene akuwamvetsera ndi amsinkhu wa aja anaponya voti ku Algiers mu 1991.