Tik munasiya, koma mukusekabe mutaphimba pakamwa

Wowerenga wina wandilembera kuchokera ku Cape Town: anasiya tik (mankhwala osokoneza bongo a methamphetamine) miyezi 8 yapitayo, mano akutsogolo anada n'kuthyoka, ndipo akuchita manyazi kukafunsira ntchito. Akufunsa ngati angakonzeke.

Achimwene, ambiri amakonzeka, koma ndiyambe ndi chimene chimandinyansa. Anthu amati mano oterowo ndi uve basi. Zabodza. Methamphetamine amaumitsa malovu, pomwe malovu ndiwo amatsuka asidi m'kamwa. Kukamwa kukauma munthu amathamangira zakumwa za shuga, usiku n'kumakukuta mano. N'chifukwa chake kubowoka kumayambira m'mphepete mwa nkhama. Amene ali pa methadone, mankhwala othandiza kusiya heroin, naye asadzione ngati wapulumuka: imaumitsanso kukamwa, ina imakhala ndi shuga. Aimwe ndi kapaipi, achukuche ndi madzi. Za manyuchi a chifuwa a codeine amene achinyamata akupapira botolo lonse, ndisayambe n'komwe.

Manyazi anuwo ndi amene akuwononga mano otsalawo. Mwezi uliwonse umene mukuzengereza, dzino loti likanamatidwa likufika poti lizulidwe. Dokotala wa mano waona m'kamwa moposa mwanumo, ndipo muuzeni zoona zonse. Jakisoni wochititsa dzanzi nthawi zambiri amakhala ndi adrenaline, amene ndi woopsa kumtima ngati munthu wasuta tik m'maola 24 apitawo. Mukaniretu codeine ndi tramadol, mankhwala opha ululu amene munthu amatha kuwazolowera. Paracetamol pamodzi ndi ibuprofen amathetsa ululu wa dzino bwino, ngati mulibe zilonda za m'mimba kapena vuto la impso.

Zochita kunyumba

Mswachi wofewa, kawiri pa tsiku, mphindi 2, ndi mankhwala otsukira mano a fluoride wa 1,450 ppm (muyezo wa kuchuluka kwa fluoride). Lavulani koma musachukuche. Dokotala atha kukulemberani a 5,000 ppm. Mukamwa zowawasa kapena mukasanza, dikirani mphindi 30 musanatsuke. Chingamu chopanda shuga chimabweretsa malovu. Ochukuchira okhala ndi mowa asiyeni, ndipo ochukuchira a chlorhexidine asapitirire masabata 2, amadetsa mano.

Kwa dokotala wa mano ndondomeko imakhala iyi: ayamba ndi mafinya ndi ululu, azula osapulumutsika, atsuka nkhama, amata otsala, mano oikirira pomaliza. Mukazulitsa musasute fodya masiku 3, apo ayi magazi oundana pabalapo amachoka, fupa n'kukhala pamtunda, ululu wake wosagonetsa. Nkhama zimaphwa kwa miyezi ingapo, choncho oikirira okhalitsa amadikira. Poti mukufuna ntchito, funsani za apulasitiki ongoyembekezera a kutsogoloko. Ena amaikidwa tsiku lozula lomwelo.