Misewu yoyera ya ku Toscana: yankho kwa achimwene a ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achimwene ena okhala ku Leeds, ku Britain. Akuti anakulira ku Dedza, kupalasa njinga m'misewu yafumbi kuyambira ali aang'ono, ndipo chaka chatha anagula njinga ya gravel, yopangidwira misewu yopanda tala. Ali ndi tchuthi cha masiku 5 ndipo akufuna kupita ku Italy kukapalasa njira ya L'Eroica, ya makilomita 209, tsiku limodzi, mwezi wa Julayi. Funso lawo ndi lakuti: kodi munthu amene anazolowera zitunda za kwathu angavutike nayo?

Achimwene, pitani ndithu, dera limenelo ndimalikonda ndi mtima wonse. Koma musapite mu Julayi, ndipo makilomita 209 aja musawameze tsiku limodzi. Ndifotokoza chifukwa chake.

Dera lomwe mukunenali lili m'chigawo cha Toscana, mozungulira mzinda wa Siena. Eni ake misewu yake amaitchula kuti strade bianche, kutanthauza misewu yoyera, chifukwa inathiridwa timiyala toyera tomwe tikaperesedwa ndi magalimoto timasanduka fumbi longa ufa. Mu 1997 bambo wina wa ku Gaiole in Chianti, Giancarlo Brocci, anayambitsa chikondwerero chopalasa njinga cha L'Eroica ndi anthu 92 okha, cholinga china chikhala choti misewuyi isathiridwe tala. Mpaka lero chikondwererochi chimachitika kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo pa tsikulo amalola njinga zachikale zokha, zopangidwa mu 1987 kapena m'mbuyo mwake kapena zotengera kapangidwe kakaleko. Ndiye njinga yanu yatsopanoyo pa tsiku limenelo sangailole. Koma njirayo ili ndi zikwangwani zokhazikika, mukhoza kuipalasa tsiku lina lililonse pa chaka ndi njinga iliyonse.

Chimene chimapusitsa anthu ndi chiwerengero cha makilomita. Munthu amaona 209 n'kumati ndikalawira m'bandakucha ndifika dzuwa lisanalowe. Samawerengera zitunda. Mukaphatikiza kukwera konse kwa m'njira imeneyi kumapitirira mamita 3,500, pomwe nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ili pa mamita 3,002. Ndipo si chitunda chimodzi chachitali chomwe munthu amachipeza mpweya wake n'kumakwera pang'onopang'ono ngati cha Golomoti. Ndi tizitunda tambirimbiri, tatifupi koma toima njo. Mwangotsika, china chayamba. Miyendo sipeza nthawi yopuma.

Malo amene ndimafuna muwadziwe bwino ndi Monte Sante Marie, msewu wa timiyala wa makilomita 11.5 womwe umayambira kunja kwa tauni ya Asciano kulowera chakumpoto. Pa mpikisano wa akatswiri wa Strade Bianche, womwe unayamba mu 2007 ndipo masiku ano umachitika kumayambiriro kwa Malichi, pamenepa ndi pomwe gulu limabalalikira. Msewuwu anaupatsa dzina la katswiri wina, Fabian Cancellara, atapambana mpikisanowu katatu, mu 2008, 2012 ndi 2016. Mu 2024 Tadej Pogačar anawathawa anzake pomwepa kutatsala makilomita 81, osamupezanso mpaka ku Siena. Pa wailesi ya kanema zimaoneka zopepuka. Ine nditafikapo koyamba, ndinaimirira pa mapedulo monga timachitira pa tala, tayala la m'mbuyo linangozungulira pamalo amodzi, timiyala tikuthawa pansi pake, ndipo ndinatsika n'kuyamba kukankha. Pa msewu wotere munthu amakwera atakhala pa chishalo, thupi litawerama pang'ono kutsogolo, kuti kulemera kwake kupanikize tayala la m'mbuyo. Ndiye pamafunika giya yofewa kwambiri, yoti mapedulo akazungulira kamodzi tayala nalonso lizungulire kamodzi, kapena yofewa kuposa pamenepo. Ngati njinga yanu ilibe giya yotere, pitani nayo kwa amakanika musananyamuke.

M'njira yonse ya L'Eroica, yoyambira ku Gaiole, Monte Sante Marie mumafikapo mutapalasa kale makilomita oposa 130, mutakwera kale chitunda cha Montalcino. Mu Julayi imeneyo imakhala nthawi ya masana dzuwa likuswa mtengo, kutentha kopitirira madigiri 35 masiku ena, pamalo opanda mthunzi. Dera limeneli, lotchedwa Crete Senesi, ndi la timapiri ta dongo topanda mitengo, kupatula mizere ya cypress yolowera kunyumba za m'mafamu. Kuwala kwa msewu woyerawo kumabwerera m'maso. Kutentha kwake kuli ngati kwa Okutobala ku Chikwawa, ndipo inu mwakhala ku Leeds zaka zingapo, thupi linaiwala.

Pitani kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, tirigu ali wobiriwira, mapiri onse akuoneka ngati nyanja yochita mafunde mphepo ikawomba. Apo ayi, kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, akukolola mphesa ku Chianti, minda ya ku Crete atailima, dothi lotuwa lili mbee.

Mwati munazolowera misewu yafumbi, ndipo zimenezo zidzakuthandizani. Mukudziwa kusankha mzere wolimba pomwe padutsa matayala a galimoto, mukudziwa kuti pa timizere tonga malata sufinya chiwongolero, umachigwira momasuka. Koma dothi lofiira la kwathu likauma limagwira tayala. Timiyala ta ku Siena timagubuduzika ngati nandolo wouma pa simenti, makamaka m'mbali mwa msewu ndi pokhota. Anthu ambiri amagwa potsika osati pokwera. Gwirani mabuleki musanafike pokhota, njinga idakali yowongoka, kenaka muwasiye. Matayala akhale a mamilimita 40 kapena kuposa, ndipo musawapope gwa. Kumbukiraninso kuti iyi ndi misewu ya anthu onse, mumadutsa mathirakitala ndi magalimoto a alendo, ndipo ku Italy amayenda kumanja, osati kumanzere ngati kwathu ndi ku Britain. Pa msewu wopanda mizere, mutatopa, thupi limabwerera lokha kumanzere komwe linazolowera. Mukabwereka njinga komweko, yesani mabuleki musanakwere, chifukwa kumeneko buleki yakutsogolo kawirikawiri imakhala kudzanja lamanzere.

Mvula ikagwa, misewu yothiridwa timiyala imapitika, koma tinjira ta m'minda ta dongo lenileni musatiyerekeze. Tsiku lina ndinapatuka kuti ndidule njira, mvula itagwa usiku. Sindinapite mamita 200, dongo linamatirira pa matayala mpaka anasiya kuzungulira, ngati makande a ku dambo nthawi ya dzinja. Ndinakhala pafupifupi ola ndikukokota ndi kamtengo, tcheni chili phala lokhalokha.

Masiku 5 anuwo ndikanakhala ine ndikanawagawa chonchi. Mukatera ku Pisa kapena ku Florence, kwerani sitima mpaka ku Siena, n'kukagona ku Buonconvento kapena ku Asciano, matauni aang'ono omwe onse ali ndi siteshoni. Sitima za m'deralo zimalola njinga, mumangogula tikiti yake yapadera. Tsiku loyamba palasani makilomita 40 kapena 50 okha pakati pa matauni awiriwa, kudzera ku nyumba ya amonke ya Monte Oliveto Maggiore, ya njerwa zofiira, yomangidwa m'zaka za m'ma 1300 pakati pa nkhalango ya cypress. Tsiku limenelo ndi lophunzira msewu. Lachiwiri lowerani kumwera ku Val d'Orcia, chigwa chomwe bungwe la UNESCO linachiika m'kaundula wake wa malo ofunika kusungidwa mu 2004, kudutsa San Quirico d'Orcia mpaka ku Pienza, kwawo kwa tchizi cha mkaka wa nkhosa chotchedwa pecorino. Mbali ina mudzatsata Via Francigena, njira yakale ya apaulendo wachipembedzo yochokera ku Canterbury kupita ku Rome, choncho muzichepetsa liwiro mukaona oyenda pansi. Masiku atatu otsalawo ndiye a L'Eroica, pafupifupi makilomita 70 pa tsiku. Poti njirayo ndi yozungulira, mukhoza kuilowera pomwe mwagonapo. Mukatero Monte Sante Marie mudzaikwera m'mawa, miyendo idakali ndi mphamvu, ndipo mudzakhala ndi nthawi yoima pa linga lakale la Castello di Brolio n'kuyang'ana minda ya mphesa.

Za madzi musachite nazo chibwana. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mpopi pabwalo, koma pakati pa midzi mukhoza kuyenda makilomita 20 osaona nyumba yotseguka. Nyamulani mabotolo awiri ndipo dzazani paliponse mwapeza mpopi, kupatula pomwe alemba kuti acqua non potabile, amenewo si akumwa. Timasitolo ta m'midzi timatseka masana kuyambira cha m'ma 1 koloko mpaka cha m'ma 4, ndiye buledi, tchizi ndi zipatso gulirani m'mawa. Madzulo funsani pici, pasta yonenepa yopota ndi manja ya ku Siena, kapena ribollita, msuzi wa nyemba, masamba ndi buledi.

Ku Crete kuli nkhosa zambiri, ndipo zimalonderedwa ndi agalu akuluakulu oyera a mtundu wa maremmano, nthawi zina popanda mbusa pafupi. Galu wotere akakuthamangirani musayese kumuthawa, pa chitunda simungamupose. Tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi iye, yendani pang'onopang'ono motalikira nkhosazo. Akaona kuti mwadutsa amabwerera yekha.

Ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, chitupa chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Italy, mufunika viza ya Schengen, ndipo nthawi ya tchuthi mizere yake imatalika, choncho yambani kufunsira miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike. Nambala ya pangozi kumeneko ndi 112. Tsiku lomaliza, ngati miyendo ikulola, lowani mu Siena kudzera pa Via Santa Caterina, kamsewu komwe akatswiri aja amamalizira, kokwera moima mpaka 16 peresenti, n'kutsikira pa bwalo la Piazza del Campo. Mukafika munditumizire chithunzi, achimwene, njinga idakali mbuu ndi fumbi.